Timu ya mpingo wathu yamenya woyimbira mpira: kodi ithe?

Funso: Ndine mkulu wa mpingo kudera la Chamama m'boma la Kasungu, ndipo ndimayang'anira timu ya mpira wa miyendo ya achinyamata athu. Pa bonanza ina posachedwapa tinafika mundime yomaliza. Kutatsala mphindi zochepa, woyimbira anapereka penate kwa anzathuwo. Anyamata athu anamuunjirira, mmodzi anamumenya chibakera, ochemerera analowa m'bwalo ndi miyala, ndipo refayo anakasokedwa pamutu kuchipatala. Masewero anathera pomwepo. Akulu anzanga akuti timu ithe chifukwa mpira ndi wa Satana. Anyamata akuti mpira ndi wa amuna, komanso refa anadya ndalama. Ndisabise: tinaseweretsa anyamata awiri aganyu ochokera ku tawuni, pamene malamulo ankati wosewera aliyense akhale wa dera lino. Kodi Mkhristu aziuona bwanji mpira? Timuyi ithe?

Yankho: Bambo mkulu wa mpingo, zikomo kuti simunabise za anyamata aganyuwo. Ambiri akamafotokoza nkhani yotere amayambira pa penate, kuti mlandu wonse ugwere refa. Inu mwatchula chinthu chimene chinachitika kherere yoyamba isanalire, ndipo ine ndikuona kuti m'pamene pagona nkhani. Ndiyankhe mosazungulira: timu isathe. Koma isalowenso m'bwalo mpaka mutakonza zinthu zingapo, ndipo zina mwa izo zikukhudza inu akuluakulu kuposa mnyamata amene anaponya chibakera uja.

Akulu anzanu amene akuti mpira ndi wa Satana musawanyoze, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Akhristu oyambirira anadana nawo masewera a m'nthawi yawo. Tertullian, mphunzitsi wa mpingo wa ku Carthage kumpoto kwa Africa, cha m'ma 200 analemba zoletsa Akhristu kupita ku mabwalo a masewera. Koma taonani zimene zinkachitika m'mabwalomo. Anthu ankaphana ndi malupanga, ena ankaponyedwa ku zilombo khamu likuomba m'manja, ndipo zonsezo zinkayendera limodzi ndi kupembedza mafano. Anthu ankapita kumeneko kukaona magazi. Mpira suli choncho. Cholinga chake ndi kulowetsa chikopa muukonde, ndipo wina akavulaza mnzake mwadala ndiye kuti waphwanya malamulo a mpira womwewo.

Mtumwi Paulo anakhala ku Korinto miyezi 18 (Machitidwe 18:11), ndipo kufupi ndi mzindawo kunkachitika masewera aakulu a ku Isthmia zaka ziwiri zilizonse. Polembera Akorinto anatenga zimene iwo ankazidziwa bwino: othamanga pa liwiro, omenya nkhonya, ndi nkhata ya masamba imene wopambana ankavekedwa (1 Akorinto 9:24-27). Sanawauze kuti othamangawo ndi ana a mdima. Anawauza kuti aphunzire kwa iwo kudziletsa. Mphunzitsi wa mawu a Mulungu sangatenge chinthu chonyansa n'kuchiika kukhala chitsanzo cha moyo wa Mkhristu.

Ndipotu matimu ena amene anyamata anu amakaonera pa kanema pa msika anabadwira ku tchalitchi. Aston Villa inayambitsidwa mu 1874 ndi anyamata a tchalitchi cha Wesleyan ku Birmingham. Everton inayamba mu 1878 ngati timu ya tchalitchi cha St Domingo ku Liverpool, ndipo Manchester City inachokera ku tchalitchi cha St Mark's mu 1880. Atsogoleri a mipingo a nthawiyo ankadziwa kumene mnyamata wopanda chochita Loweruka masana amathera. Nanunso mukudziwa. Mukathetsa timu, anyamata anu sasiya mpira ayi. Akalowa timu ina kumene kulibe mkulu wa mpingo wowadzudzula, ndipo mwayi umene munali nawo wowaphunzitsa mudzakhala mutautaya ndi manja anu.

Kufuna kupambana nakonso si tchimo. Paulo yemweyo anati thamangani kuti mukalandire mphotho. Ine sindifuna timu ya mpingo yosewera mwaulesi podzitcha yofatsa. Wosewera amene sakutulutsa mphamvu zake zonse akubera anzake a m'timu, akuberanso amene akupikisana nawo, chifukwa iwo abwera kudzayesa luso lawo pa munthu wolimba. Vuto limayambira pa funso lakuti mufuna kupambana motani.

Pa 2 Timoteo 2:5 Paulo akuti wopikisana pa masewera savekedwa nkhata ngati sanapikisane motsata malamulo. Tsiku limene munalembetsa timu pa bonanza ija munachita pangano ndi matimu ena onse. Munati ife tibwera ndi anyamata a dera lino, inunso mubwere ndi anu, tione olimba. Anzanuwo anakhulupirira mawu anu, makamaka poona kuti ndi timu ya mpingo. Kenako munatuma njinga ku tawuni kukatenga anyamata awiri, kuwaveka yunifolomu ya mpingo, kuwalemba ngati ana a pamudzi. Bambo, limeneli ndi bodza, ndipo linanenedwa ndi akuluakulu ana akuona. Mlimi aliyense wa ku Kasungu amadziwa kuwawa kwa sikelo yobera ya venda pogulitsa soya kapena mtedza: thumba lako ukulidziwa kulemera kwake, koma sikelo ikunena zina. Miyambo 11:1 imati sikelo yonyenga imamunyansa Yehova. Timu imene munaichotsa mundime zoyambirira ndi zigoli za anyamata aganyu inayezedwa pa sikelo yotereyo. Kubera zaka pa mipikisano ya ana asukulu, kusewera ndi dzina la munthu wina, kutuma munthu kukanong'oneza refa usiku, zonsezi n'chimodzimodzi. Kunena kuti "aliyense amatero" sikuchotsa kanthu pa mlanduwo.

Mwina mukudabwa kuti aganyu akukhudzana bwanji ndi chibakera. Akukhudzana kwambiri. Mutangolipira anthu kuti akusewerereni, masewerowo anasanduka malonda. Ndalama zinatuluka, ndiye zinayenera kubwerera kudzera mu mphotho. Kugonja kunasiya kukhala chinthu chopweteka mtima chabe, kunakhala kuluza ndalama. Komanso munthu amene akudziwa kuti wabera amaganiza kuti onse akubera. Anyamata anu ankadziwa chinyengo chimene chinali m'timu mwawo, n'chifukwa chake kherere ya penate itangolira sanaganize kuti refa waona bwino kapena walakwitsa chabe. Anathamangira kunena kuti wadya. Munawaphunzitsa kumayambiriro kwa mpikisano kuti malamulo ndi otsata pamene akukukomera, ndipo iwo anangomaliza phunzirolo pa mphindi zomaliza.

Tsopano za mawu akuti mpira ndi wa amuna. Inde, mpira ndi masewero ogundana. Malamulo ake, amene alipo 17 ndipo amasungidwa ndi bungwe la IFAB, amalola kukankhana paphewa polimbirana mpira, amalola kutsetsereka pansi kuti ulande chikopa. Mkhristu wotchinga kumbuyo asachite manyazi kulowa mwamphamvu. Koma Lamulo 12 limasiyanitsa zinthu mwanzeru, ndipo ndikufuna kuti anyamata anu alidziwe. Amene walowa mosasamala amangoimbiridwa faulo. Amene walowa mosalabadira kuti mnzake angavulale amapatsidwa khadi yachikasu. Amene wagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso, yoika mnzake pangozi, amatulutsidwa ndi khadi yofiira. Ndipo kumenya munthu pamene simukulimbirana mpira, kaya ndi wosewera, woyimbira kapena woonerera, ndi khadi yofiira popanda kukambirana.

Muyeso wake wagona pa thupi la mnzako. Woyimbira amaweruza zimene maso ake aona, koma wosewera amadziwa yekha mumtima ngati mwendo wake unapita ku mpira kapena ku munthu. M'mabwalo athu akumudzi nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pa kanema. Nthaka ya mwezi wa Ogasiti ndi youma gwa. Wina wavala nsapato za mano, mnzake ali ndi phazi lopanda kanthu kapena tenesi yong'ambika, pa msongolo palibe chotchinga. Mwendo ukathyoka palibe dokotala wa timu, pali njinga ya kabaza yopita ku chipatala chaching'ono, kenako ulendo wa ku chipatala cha boma ku Kasungu. Mnyamata ameneyo ndi amene amalimira agogo ake, amathirira nazale ya fodya, amayenda wapansi kupita ku sukulu. Kochi akanena kuti "ameneyo muponde aleke kutivutitsa", akutuma mwana kukawononga zonsezo. Wovala yunifolomu ya timu inayo analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo kherere ikalira sasiya kukhala mnansi wako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale akuthamangira ku golo lako. Za umuna, Miyambo 16:32 inaweruza kale: wosakwiya msanga aposa wamphamvu, ndipo wolamulira mtima wake aposa wolanda mudzi.

Pali funso lina limene anyamata ochenjera amafunsa, lakuti nanga ndikachita faulo dala, n'kuvomera chilango chake, ndalakwa chiyani? Amakumbukira Luis Suárez wa Uruguay pa World Cup ya 2010 ku Johannesburg, amene anatchinga mpira ndi manja pa mzere wa golo mphindi yomaliza pokumana ndi Ghana. Anapatsidwa khadi yofiira, Asamoah Gyan anaphonya penate, ndipo Ghana inatuluka pa mapenate. Ena amati Suárez analipira mtengo wake. Ine sindivomereza. Khadi ndi chilango cha cholakwa, si chiphaso chogulira ufulu wolakwa. Aliyense wa ife mu Africa muno amene anaonera masewero aja anamva mumtima kuti Ghana yalandidwa chinthu chake. Yesu anati zimene mufuna kuti anthu akuchitireni, inunso muwachitire zomwezo (Mateyu 7:12). Zimene zinatipweteka pa Ghana tisamaziphunzitse ana athu ngati nzeru.

Ndikhaleko pang'ono pa woyimbira, chifukwa ndiye munthu amene timamuiwala kuti ndi munthu. Pa bonanza ya kumudzi nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wa pa pulayimale kapena mnyamata amene anachitako maphunziro ochepa a zoyimbira. Wabwera pa njinga yake. Ndalama imene alandire mwina singokwana sopo ndi mchere. Onyamula mbendera ake ndi anyamata otengedwa pomwepo, wina akukupiza nthambi ya mtengo, ndipo aliyense ali ndi mbali imene akuikonda. Mizere ya bwalo inafufutika kalekale ndi mapazi, anthu aima m'kati mwa bwalo mwenimweni, fumbi lili kobo, dzuwa lapendeka likumuthobwa m'maso. Pamenepo ayenera kugamula m'kuphethira kwa diso ngati phazi linakhudza mpira kapena kakolo. Oyimbira a World Cup, amene kuyambira 2018 amathandizidwa ndi makina a VAR oonetsanso pa kanema zimene zachitika, amatsutsidwabe. Nanga iyeyu?

Lamulo 5 limati chigamulo cha woyimbira pa zochitika m'masewero n'chomaliza. Silikunena kuti salakwitsa. Likunena kuti popanda munthu mmodzi amene mawu ake atseka mkangano, masewero sangatheke, ndipo matimu onse awiri anavomereza zimenezi polowa m'bwalo. Mkhristu amamvera kherere ngakhale imupweteke, chifukwa analonjeza. Oyimbira odya ziphuphu alipo, sindikukana, ndipo Eksodo 23:8 amati chiphuphu chimachititsa khungu openya. Ngati anyamata anu ali ndi umboni, alembe dandaulo kwa okonza mpikisano, atchule amene anapereka ndalama ndi amene anaona. Ngati alibe, akunamizira munthu amene amuvulaza kale, ndipo akuwonjezera tchimo pa tchimo.

Chibakera chinali cha mnyamata mmodzi, koma mutu wa refa unang'ambidwa ndi mwala wochokera m'khamu. M'khamumo munali Akhristu. Ena anali mu kwaya Lamulungu lapitalo. Zimatheka bwanji? Augustine, mphunzitsi wa mpingo wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anasimba za mnzake Alypius, mnyamata wodziletsa amene ankadana ndi masewera ophana aja. Tsiku lina ku Roma anzake anamukokera ku bwalo. Iye anati thupi langa mulitenga koma mtima ayi, ndipo anakhala pansi atatsinzina. Khamu litafuula mwamphamvu anatsegula maso kuti aone chachitika n'chiyani. Ataona magazi sanathenso kuyang'ana kumbali. Anayamba kufuula nawo, ndipo pambuyo pake iye ndi amene ankakokera ena kumeneko. Alypius yemweyo anadzakhala bishopu, koma tsiku limenelo khamu linamumeza. Palibe mmodzi wa ife amene angadzitame kuti iye sizingamuchitikire.

Pa Machitidwe 19 timamva za chipolowe cha ku Efeso. Anachiyambitsa ndi Demetriyo, wosula siliva amene ankaopa kuti malonda ake agwa. Anthu anakhamukira ku bwalo la masewera, anafuula pafupifupi maola awiri, ndipo vesi 32 ikuti ambiri sankadziwa n'komwe chimene anasonkhanira. Pa bwalo lanu zinali chimodzimodzi. Amene anaona bwinobwino zimene zinachitika m'bokosi muja ndi ochepa. Ena anali atabetcha, ena anali atamwa kachasu kuyambira m'mawa, ndipo otsalawo anangoona anzawo akuthamanga n'kutola mwala. Eksodo 23:2 amati usatsate unyinji pochita choipa. Lamulo limeneli linalembedwera mphindi ngati imeneyo.

Musaganize kuti zotere zimathera pa kusokedwa pamutu. Pa 9 Meyi 2001 ku Accra m'dziko la Ghana, Hearts of Oak itagonjetsa Asante Kotoko, ochemerera okwiya anayamba kugenda ndi mipando ndi mabotolo, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, zipata zinali zotseka, ndipo anthu 126 anafa popondana. Pa 1 Disembala 2024 ku Nzérékoré m'dziko la Guinea, mkangano pa chigamulo cha woyimbira unabala chipwirikiti, ndipo boma linalengeza kuti anthu 56 amwalira. Kwathu kuno, mu Disembala 2013 masewero a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers pa bwalo la Balaka anathera m'ziwawa ndipo munthu anataya moyo. Amene anatola mwala woyamba m'malo onsewa sankaganiza za maliro. Thokozani Mulungu kuti refa wanu ali moyo.

Ndipo mwala sumayamba wokha, umatsogozedwa ndi pakamwa. Imani m'mbali mwa bwalo tsiku lina mungomvetsera. Nyimbo zotukwana amayi a goloboyi, zonyoza mudzi wa anzanu, zolaula zimene atsikana a ntchembere mbaye amaimbiridwa akamasewera, zonsezi timaziseka ngati zokometsera masewero. Yakobo 3:9-10 akudandaula kuti ndi lilime lomwelo timatamanda Ambuye ndipo timatemberera anthu olengedwa m'chifanizo chake. Munthu amene wakhala akutukwanidwa kwa ola lathunthu amaoneka wopepuka m'maso mwa khamu, ndipo kumugenda sikuvutanso. Dzifunseni zimene inu ndi kochi munkakuwa kuchokera pa benchi masewero ali mkati. Anyamata amamva mawu a mkulu wa mpingo kuposa a wina aliyense pa bwalopo, ndipo mukafuula kamodzi kuti refa ndi wakuba, mwawamasula manja.

Ndinenepo mwachidule za pemphero. Timu yanu imagwada pakati pa bwalo isanayambe kusewera, ndipo ndi bwino. Koma anzanuwo nawonso amagwada kwa Mulungu yemweyo. Ngati anyamata aphunzitsidwa kuti kupambana ndi chizindikiro chakuti Mulungu ali mbali yawo, adzaona aliyense wowalepheretsa ngati mdani wa Mulungu. Aphunzitseni kupempha mphamvu, mtima wodziletsa, ndi kuti onse 22 pamodzi ndi woyimbira abwerere kwawo ali bwino. Fufuzaninso ngati m'masokosi mwawo mulibe zithumwa. Ndewu zambiri m'mabwalo athu zimayamba poganizirana kuti wina wakwirira mankhwala pa golo, ndipo timu ya mpingo isapezeke m'zimenezo ngakhale pang'ono.

Chimene ndikuopa kwambiri tsopano ndi kubwezerana. Anthu a mudzi wa refa ndi a timu inayo sanaiwale, ndipo alipo amene akunena kale kuti nkhonya yobwezera kuwawa. Werengani 2 Samueli 2 pamodzi ndi anyamata anu. Pa thamanda la ku Gibeoni, Abineri, mkulu wa asilikali a nyumba ya Sauli, anauza Yowabu, mkulu wa asilikali a Davide, kuti anyamata anyamuke apikisane pamaso pawo. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo sanali masewero ngati athuwa, koma taonani amene anayambitsa: akuluakulu awiri atakhala pansi, kutuma ana a eni. Anyamata 12 mbali iyi, 12 mbali inayo, onse anafera pomwepo. Nkhondo inabuka, Abineri anapha Asaheli mng'ono wake wa Yowabu, ndipo dzuwa likulowa Abineri yemweyo anafuula kufunsa ngati lupanga lidzangodya anthu mpaka kalekale, pochenjeza kuti mapeto ake adzakhala owawa. Yowabu anasunga mkwiyo, ndipo m'mutu wotsatira anamupha Abineri pa chipata cha Hebroni. Mukangokhala chete, nkhani yanuyi idzatulukira pa masewero ena, pa msika, kapena pa maliro.

Choncho musadikire kuti akuitaneni. Yesu anati ukakumbukira uli pa guwa kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pomwepo, pita ukayanjane naye poyamba (Mateyu 5:23-24). Sabata ino, inu, abusa, kochi, kaputeni, mnyamata uja ndi makolo ake mupite kwa woyimbirayo, mutadzera kwa anyakwawa a mudzi wake monga mwa mwambo. Musakapite kukakambirana ngati penate inali yoona. Mukapepese basi. Ndipo musapite chimanjamanja. Eksodo 21:18-19 amanena za nkhani yanu yeniyeni: anthu akakangana, wina n'kumenya mnzake ndi mwala kapena nkhonya mpaka kugona pa mphasa, womenyayo alipire masiku amene mnzakeyo sanagwire ntchito ndipo aonetsetse kuti wachira. Ndalama za mayendedwe a ku chipatala, mankhwala, masiku amene sanapite ku ntchito kapena ku munda, zonsezo ziwerengedwe. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndiye mpingo usaleke kuthandizapo, koma mnyamatayo atulutse gawo lake ndi thukuta lake, ngakhale pogwira ganyu. Ngati refa anakadandaula ku polisi, ndi ufulu wake, chifukwa kumenya munthu ndi mlandu ngakhale zitachitikira pa bwalo la mpira. Musamuumirize kuti autseke, ndipo musabise mwana.

Kwa okonza bonanza mukaulule nokha za aganyu aja asanazimve kwa ena. Ngati pali mphotho iliyonse imene ikubwera kwa inu, musailandire. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene pawawa kwambiri, chifukwa manyazi ake agwera inu mwini pamaso pa anthu a dera lonse. Koma anyamata sadzamva ulaliki wanu wa kudziletsa ngati aona kuti wolangidwa ndi mnzawo yekha, pamene amene anasaina mayina abodza akhala phee pa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi.

Mnyamata amene anamenyayo alangidwe, aimitsidwe kusewera kwa nthawi yomveka, koma musamutaye. Agalatiya 6:1 akuti wogwidwa m'cholakwa mumubweze ndi mzimu wofatsa. Mu 1998 Paolo Di Canio, akusewera mu Sheffield Wednesday, anakankha woyimbira Paul Alcock mpaka kugwa pansi, ndipo analetsedwa masewero 11. Mu Disembala 2000, ali ku West Ham, anali ndi mpata womwetsa chigoli kumapeto kwa masewero ndi Everton pamene goloboyi Paul Gerrard anali gone pansi atavulala. Mpira utamufika anaugwira ndi manja kuti masewero aime, mnzakeyo athandizidwe. FIFA inamupatsa mphotho ya kusewera mwachilungamo ya 2001. Ndi munthu mmodzi yemweyo. Pa nthawi imene mnyamata wanu waimitsidwa, azibwerabe ku zokonzekera, azitunga madzi a timu, ndipo mumupatse kherere aziyimbira mpira wa ana a chikulunga. Akalawa yekha kukuwizidwa ndi mbali zonse ziwiri adzamvetsa zimene anachita kuposa mmene mawu anu angamufotokozere.

Mukadzabwerera m'mipikisano, pali zinthu zooneka zazing'ono zimene zimapulumutsa anthu. Kakamirani kuti masewero ayambe nthawi yabwino. M'chilimwe kuno dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo masewero oyamba mochedwa amathera m'chisisira, pamene refa saona bwino ndipo wogenda sadziwika nkhope. Woyimbira achokere kudera lina, alipidwe ndi okonza mpikisano masewero asanayambe, osati ndi timu. Mayina a osewera atsimikizidwe ndi chiphaso cha unzika kapena kalata ya amfumu, matimu onse akuona. Mangani chingwe motalikirako ndi mzere wa bwalo, ndipo akuluakulu odziwika a midzi yonse iwiri aime pamenepo, aliyense kuyang'anira anthu a kwawo, chifukwa mnyamata woledzera amamvera malume ake kuposa mlendo. Pemphani amfumu kuti mowa usagulitsidwe pafupi ndi bwalo tsikulo, ndipo pa ndime yomaliza dziwitsani apolisi kapena a chitetezo cha m'mudzi nthawi ikadalipo. M'timu mwanu ikani lamulo lakuti wolankhula ndi woyimbira ndi kaputeni yekha, monga anachitira pa mpikisano wa Euro 2024 ku Germany. Wina aliyense wothamangira refa atulutsidwe ndi kochi wanu yemwe, ngakhale akhale womwetsa zigoli amene mumamudalira.

Kwa akulu anzanu mupite ndi pempho ili: timu ipume kaye mpaka kupepesa ndi kulipira zitatheka, kenako ipatsidwe chaka chimodzi pansi pa malamulo amenewa, ndipo mmodzi mwa akulu amene akuitsutsa kwambiri alowe mu komiti yake. Koma ngati anyamata akana kupita kwa refa, kapena akuti popanda aganyu sangasewere, pamenepo akulu anzanu akhala akunena zoona za timu imeneyi. Muichotse dzina la mpingo, yunifolomu ibwezedwe, ndipo muyambe mwatsopano ndi ana a Sande sukulu pamodzi ndi anyamata amene avomera kupita nanu kukapepesa.